Tinakalawa vinyo m'mbali mwa nyanja, mnzanga wosamwa mowa ali pomwepo

Ntchito yanga ndi yophika. Ndimaphikira maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano kuno ku Mangochi, ndipo mpunga wa anthu 300 sundiopsa. Chomwe chakhala chikundisowetsa mtendere ndi pamene mwini phwando watsitsa makatoni a vinyo ochokera ku Blantyre n'kunena kuti, "Amayi, atsikana anu aperekenso izi." Atsikana anga amathira vinyo mmene amathirira Fanta, kudzaza tambula mpaka pakamwa. Sindinkawadzudzula chifukwa nanenso palibe anandiphunzitsapo. Paukwati wina chaka chatha vinyo anatha perekaniperekani asanayambe, ndipo amalume a mkwati anachita kuwanyamula kukawagoneka m'galimoto. Anthu anaseka, koma ine zinandikhala pamtima, poti dzanja lomwe linawathirira linali la mtsikana wanga.

Nditamva kuti pamalo ena aang'ono ogona alendo, pamsewu wa ku Monkey Bay, amakonza madzulo olawa vinyo Loweruka la kumapeto kwa mwezi, ndinalembetsa anthu atatu: ine, amuna anga omwe ankayendetsa galimoto, ndi mnzanga yemwe ndimaphika naye. Mnzangayu ndi Msilamu wa kwa Mponda, mowa sanaulawepo chibadwire. Anakana kawiri, kachitatu anavomera chifukwa ndinamuuza kuti bizinesi ndi ya tonse ndipo zomwe ndikaone ndikufuna akaonenso ndi maso ake.

Tinafika cha m'ma 5 koloko, kutentha kwa Okutobala kusanaphwe. Matebulo anali pakhonde la udzu, mchenga uli poteropo. Tinalipo anthu 14. Yemwe ankatsogolera anali weitala wamkazi, wamng'ono ndithu kuyerekeza ndi ine, yemwe anatiuza kuti anaphunzira ntchito ku Malawi Institute of Tourism ku Blantyre. Asanatsegule botolo lililonse anazungulira tebulo ndi tebulo kufunsa mafunso awiri motsitsa mawu: akuyendetsa galimoto ndani, nanga alipo amene samwa?

Mnzanga anayankha mwamanyazi, ngati wapalamula. Mtsikana uja sanadabwe n'komwe.

"Palibe vuto, amayi. Inunso muli ndi zanu zinayi zoti mulawe. Matambula anu amakhala pashelefu ina, sitithiramo mowa."

Kenako, osafunsidwa, anawonjezera kuti msuzi umodzi wa nyama amauphika ndi vinyo, choncho auza akukhitchini kuti wa tebulo lathu aupatule asanathiremo. Ndinayang'ana mnzanga ndipo ndinaona mapewa ake akutsika. Kuno Asilamu ndi ambiri, aliyense akudziwa, komabe ndakhalapo m'malo ambiri odyera momwe munthu wosamwa amangomuponyera botolo la Coca-Cola n'kumuiwala usiku wonse. Apa ayi. Ife tikalandira vinyo, iye ndi amuna anga ankalandira chawo nthawi yomweyo, m'tambula ya mwendo wautali ngati yathu, ndipo weitala ankachifotokoza ndi ulemu womwewo. Choyamba chinali madzi a malambe osatsekemera kwambiri, kenako a bwemba othira jinja, kenako a chidede ozizira, ofiira ngati vinyo weniweni. Chomaliza chinali toniki wa ndimu. Wa bwemba uja ndinalawako, ndipo ndinene mosabisa kuti anaposa vinyo mmodzi mwa omwe tinapatsidwa.

Tinayamba ndi vinyo woyera wa ku South Africa, wa mphesa zotchedwa Chenin Blanc. Weitala anati mphesa zimenezi ndi zomwe zimalimidwa kwambiri m'dzikomo kuposa mtundu wina uliwonse, ndipo ku Cape anayamba kufinya vinyo m'chaka cha 1659. Anathira pang'ono zedi, moti bambo wina patebulo loyandikana anadandaula kuti akumumana. Mtsikana anamwetulira n'kutiuza kuti tigwire tambula kumwendo osati kumimba, chifukwa dzanja limatenthetsa chakumwa. Anati tiipukuse pang'ono, tilowetse mphuno, tisamwe kaye.

"Mukumva fungo la chiyani, amayi?"

Ndinaopa kuyankha, ndimaganiza kuti pali yankho la m'buku. Koma fungo lomwe linkandibwerera linali la gwafa wongoyamba kupsa, uja timathyola akadali wolimba. Nditanena, anati ndi momwemo, anthu ambiri amamva gwafa mu vinyo ameneyu, ndipo palibe chifukwa chotchulira zipatso za ku Ulaya zomwe sitinazionepo. Anabweretsa kachidutswa ka chambo chowotcha pamakala, chongothira mchere. Ndinaluma chambo, n'kumwera kadontho ka vinyo, ndipo ndinamvetsa msanga chomwe chikuchitika, chifukwa ndi ntchito yomwe ndimu amagwira pa nsomba. Kuwawasa kuja kumatsuka mafuta pakamwa, ndiye ukalumanso chambo chimakoma ngati ukuyamba kumene. Kwa wophika ngati ine phunziro limeneli lokha linabweza ndalama yanga.

Wachiwiri anali wofiira, Pinotage, ndipo apa ndi pomwe malowa anapunthwa. Magetsi anali atazima masana onse, jenereta analiyatsa mochedwa, ndipo botolo linafika lofunda ngati tiyi wotsala. Vinyo wofunda amabaya mphuno ndi ukali wa mowa, zina zonse zimabisika. Weitala sanabise. Anapepesa, anati vinyo wofiira amafuna kuzizira pang'ono, madigiri 16 mpaka 18, ndipo mawu oti samalowa m'firiji ndi a kumayiko ozizira, kuno kwathu m'chilimwe botolo liyenera kukhalamo mphindi 20 lisanatsegulidwe. Analiviika m'ndowa ya ayezi, tinadikira, ndipo litabweranso linali lina. Anatiuza kuti mphesa za Pinotage anazipanga katswiri wa ku yunivesite ya Stellenbosch, Abraham Perold, mu 1925, pokwatitsa mitundu iwiri, Pinot Noir ndi Cinsaut. Vinyoyu amaumitsa m'kamwa ngati waluma nthochi yosapsa kapena wamwa tiyi wa masamba ambiri wopanda mkaka. Kuumako kumachokera m'makoko ndi m'njere za mphesa, ndipo kumatha ukadya nyama ya mafuta. Anatipatsa kanyenya wa mbuzi ndipo zinalidi choncho. Payekha sindinamukonde. Ndi mbuzi ndikhoza kumwanso.

Wachitatu anandisangalatsa pa chifukwa china: anali wathu. Vinyo wa Linga, wopangidwa ku Lilongwe kuchokera ku zipatso, uyu anali wa jambula. Fungo lake linandibwezera kumudzi, milomo ili bii ndi jambula, amayi akutikalipira kuti tathimbiritsa zovala. Ndi wotsekemera kuposa awiri oyamba aja, ndipo ndikudziwa kuti azimayi ambiri a m'maukwati omwe ndimaphikira akhoza kusankha ameneyu. Sindikumvetsa chifukwa chomwe eni maphwando amathamangira makatoni akunja osayamba afunsa za wathuyu.

Dzuwa litalowa, nyali za asodzi a usipa zitayamba kundandalika panyanja, tinafika pa Malawi Gin. Mtsikana anadutsitsa kambale ka tizipatso touma takuda, juniper, kuti aliyense aphwanye kamodzi ndi zala n'kununkhiza. Chakumwa sichingatchedwe jini popanda tizipatso timeneti. Anayeza toti ndi kachitsulo koyezera, mamililita 25, osati kungopendeketsa botolo mwa maso monga amachitira m'mabala a pa boma. Anathira ayezi wambiri, toniki, ndi kagawo ka ndimu. Amuna anga anafunsa ngati ndi zoona kuti toniki amateteza malungo, poti kuno udzudzu ndiye kwawo. Anayankha kuti kuwawa kwa toniki kumachokeradi ku kwinini, mankhwala a khungwa la mtengo wa cinchona omwe azungu akale ankamwa poopa malungo, ndipo ankasakaniza ndi jini kuti atsike kukhosi. Koma kwinini wa mu toniki wa lero ndi wochepa kwambiri, sangachize kapena kuteteza munthu. "Neti yokha, bambo, ndi kuchipatala," anatero.

Kenako anachita chinthu chomwe sindinayembekezere pamalo ogulitsa mowa. Anaika patebulo botolo la mowa la mamililita 330, tambula ya vinyo ya mamililita 150, ndi toti imodzi ya jini, n'kutiwerengetsa. Jini wa 40 peresenti, toti imodzi ili ndi mamililita 10 a mowa weniweni. Botolo la mowa wa 5 peresenti lili ndi 16 ndi theka. Tambula ya vinyo wa 13 peresenti ili ndi pafupifupi 20, kutanthauza matoti awiri. Botolo la vinyo la mamililita 750 liyenera kutulutsa matambula asanu. Ine mutu unathamangira ku matambula athu a paukwati, omwe amalowa mamililita 300. Kudzaza imodzi ndi vinyo ndiye kuti wamupatsa munthu matoti pafupifupi anayi a jini nthawi imodzi, iye akuona ngati akumwa juwisi. Amalume aja anamwa matambula atatu, asanadye. Ndinakhala chete kanthawi.

Anapitiriza kuti chiwindi chimachotsa mowa pang'onopang'ono, pafupifupi toti imodzi pa ola, ndipo khofi, kusamba madzi ozizira kapena kudumphira m'nyanja sizifulumizitsa kanthu. Chomwe chimathandiza ndi kudya usanamwe, kumwa madzi pakati, ndi kusalola kuti wina azikuwonjezera tambula isanathe, chifukwa ukatero umataya chiwerengero. Anatchulanso zomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023, kuti palibe mlingo wa mowa womwe tinganene kuti ndi wosavulaza thupi. Patebulo lililonse panali kabigiri kothiramo vinyo wotsala, ndipo anatilimbikitsa kuti tisachite manyazi kutaya.

Nkhani imeneyi kwa ine si yamasewera. Mlongo wanga wamng'ono anayamba ndi mowa wa m'masacheti ali ku sekondale, nthawi ija unkagulitsidwa pa okala iliyonse boma lisanauletse. Atauletsa anasamukira ku kachasu. Lero ali moyo, koma manja amanjenjemera ndipo ntchito ya ukalipentala anaisiya. Pa zaka zonsezo palibe wogulitsa ngakhale mmodzi yemwe anamuuzapo kuti, achimwene, lero basi. N'chifukwa chake zomwe zinachitika cha m'ma 8 koloko ndinaziyang'anitsitsa.

Bambo uja anadandaula za kumanidwa anali ataitanitsa matoti ena apadera, ndipo mawu anali atayamba kukwera. Anakodola weitala ndi chala kuti abweretse raundi ina ya tebulo lonse. Mtsikana sanayankhe ali chiimire. Anapita pambali pake, ananjuta kuti nkhope zifanane, n'kulankhula motsitsa moti ine ndinamva chifukwa ndinali pafupi.

"Bwana, ndikubweretsereni kaye nsima ndi kampango, zapsa kale, ndi madzi ozizira. Za raundi tikambirana mukadya. Makiyi a galimoto ali ndi ndani?"

Bamboyo anakalipa pang'ono, anati ndalama ndi zake. Mwini malo anabwera n'kuima kumbuyo kwa mtsikanayo, osanena zambiri, kungosonyeza kuti mawu a wantchito wake ndi mawu akenso. Raundi sinabwere. Nsima inabwera, bamboyo anadya, ndipo pochoka ndinaona mkazi wake ndi amene wakhala pachiwongolero. Anthu a matebulo ena sanadziwe n'komwe kuti pachitika kanthu. Malowa anataya ndalama ya matoti asanu ndi limodzi usiku umenewo, ndipo anasunga ulemu wa mlendo wawo pamaso pa anzake. Ndagwira ntchito ndi operekera zakudya ambiri, ndipo kukaniza munthu wamkulu chinthu popanda kumuchititsa manyazi ndi luso lomwe ndaliona kwa ochepa.

Zodandaula zilipo. Kupatula vinyo wofunda uja, chakudya chachikulu chinachedwa, chinafika mowa utalowa kale m'mimba, zomwe zikutsutsana ndi phunziro lawo lomwe. Akanayamba ndi mbale ya chinangwa chokazinga kapena mtedza patebulo. Pepala la zakumwa ndi la Chingerezi chokhachokha, chikhalirecho weitala ankafotokoza zonse m'Chichewa chomveka bwino, ndipo kwa mnzanga ankaponyamo ndi Chiyao. Mtsikana mmodzi pa anthu 14 ndi katundu wolemera, pomaliza ankaoneka kuti miyendo yatopa. Udzudzu pakhonde unatidya akakolo, nyamulani chitenje kapena mafuta. Mtengo wake si wa sabata ndi sabata, pa munthu mmodzi ndinalipira ndalama yomwe ndikanagula chambo chodyetsa banja langa kangapo. Chomwe ndinayamikira n'choti osamwa mowa analipira yocheperapo.

Ngati mumaphikira anthu, muli ndi bala, kapena muli ndi mwana yemwe akufuna ntchito m'mahotela a m'mbali mwa nyanja muno, pitani kamodzi. Ngati mukufuna kukaledzera, mudzabwerako okhumudwa. Ndipo pitani ndi woyendetsa yemwe sakumwa, chifukwa msewu uja usiku uli ndi mbuzi ndi akabaza opanda nyali.

Pobwerera mnzanga ndi amene ankalankhula kwambiri. Anali atafunsa kale kukhitchini mmene amaviikira bwemba, ndipo tisanafike pa boma anali atawerengera kuti malita 20 angafune bwemba wochuluka bwanji. Lolemba ndinatenga matambula athu, ndinayeza mamililita 150 ndi kapu yoyezera ya keke, n'kumata kachidutswa ka tepi pa imodzi kuti atsikana aone pomwe vinyo ayenera kulekezera. Tili ndi ukwati ku Namwera Loweruka likubwerali. Ndauza kale mwini wake kuti mabotolo sititsegula mpaka anthu atadya, ndipo patebulo lililonse padzakhala jagi ya madzi ndi ina ya bwemba.