Shopu yobena nyimbo pafupi ndi depoti ya Zomba: mukapeza mnyamata yekha, bwererani

Nyenyezi ziwiri ndi theka. Ziwirizo ndi za mwini shopu, thekalo ndi la memori khadi imene mpaka lero ikugwirabe ntchito. Mnyamata amene amakhala pa kompyuta uja sindikumupatsa kalikonse, ngakhale moni. Inu amene mumadutsa pakati pa msika waukulu ndi depoti mukuwadziwa mashopu aja a masipika panja, osokosa kuyambira m'mamawa. Ndi imodzi mwa amenewo, dzina ndilisunga.

Mitengo inali iyi: khadi ya 16GB K12,000, kudzazitsa zimene ali nazo K3,000, koma ukabwera ndi mndandanda wakowako akuti imeneyo ndi oda yapadera, K5,000. Ine ndinalipira ya oda yapaderayo. Mfundo imeneyi muisunge.

Amayi anga anadwala sitiroko, ndiye tsiku lonse amaswera pakhonde ku Chinamwali limodzi ndi bambo. Mlongo wanga wa ku Joni anatumiza kawayilesi kaja kotchaja ndi dzuwa, kolowa memori khadi. Bambo anaphunzitsa pulayimale mpaka kupuma, ndipo mndandanda analemba okha pa pepala la m'kope, atajambula mzere ndi rula: oyimba kumanzere, zimbale kumanja. Za amayi zinali Grace Chinga, Ethel Kamwendo Banda ndi chimbale cha nyimbo zauzimu cha Jim Reeves, We Thank Thee. Zawo zinali Lucius Banda, zimbale anachita kutchula, Son of a Poor Man, Down Babylon, Cease Fire ndi Cell 51 Maximum. Kenako Evison Matafale, Allan Namoko, Giddes Chalamanda, Tuku Music ya Oliver Mtukudzi, Prisoner ya Lucky Dube, ndi Don Williams. M'munsi mwa pepalalo anadula mizere iwiri pansi pa mawu akuti woyimba aliyense akhale ndi foda yakeyake. Chifukwa chake n'chakuti amayi dzanja limene likugwira ndi lamanzere lokha, batani limene angathe kudina ndi limodzi, losinthira foda.

Mnyamatayo pepala sanaliwerenge. Ma earphone ali m'khutu, maso ali pa foni, anangoti, “Zonsezi tili nazo anti, siyani pompo.” Nditabwera kudzatenga ndinapempha kuti ndimveko. Anatsegula nyimbo zingapo, iliyonse kamphindi koyambirira kokha, n'kunena kuti pali anthu ambiri akudikira. Anthu ambiriwo anali anzake awiri amene ankatchajitsa mafoni.

Tsopano imvani zimene zinachitika. Amayi a Mvano a kumpingo kwathu anabwera kudzazonda amayi, atavala yunifolomu, atanyamula ufa, shuga, sopo ndi mtolo wa nkhuni. Nawo amayi busa analipo. Tinayala mikeka pabwalo, anaimba, anawerenga mawu, anapemphera. Pemphero litatha amayi anayamba kuloza kawayilesi kaja. Kuyankhula kumawavuta masiku ano, koma tonse tinamva chimene ankafuna: anzawo amve Grace Chinga, amene akhala akumukonda kuyambira kale ndipo atamwalira mu March 2016 anamulira ngati wachibale. Bambo anavala magalasi, anafufuza foda, anadina. Inayamba bwinobwino, Thandizo Langa. Azimayi ena anatsinzina, ena anayamba kuimba nawo chapansipansi, amayi akugwedeza mutu, mlomo ukuyenda. Ineyo mumtima ndinati K17,000 ija sinapite pachabe.

Nyimbo isanafike ndi pakati pomwe, kunamveka lipenga la m'madansi lija, pwee pwee pwee, kenako mawu a mnyamata yemwe uja akukuwa dzina lake la u-DJ ndi nambala yake ya foni, kawiri. Grace Chinga anazimiririka, m'malo mwake munalowa chinyimbo cha kumabala, cha mawu oti sindingawalembe pano, otchula ziwalo za munthu wamkazi mosapsatira. Bambo pofuna kuzimitsa anadina batani lokweza. Chinthu chinakuwa mpaka kwa aneba. Anadinanso, chinalumphira nyimbo ina yoposa yoyambayo. Kawayilesi kameneka kalibe mabatire oti ungochotsa, ndiye bambo, munthu wa zaka zoposa 70, mkulu wampingo, anakanyamula n'kuyamba kuthamanga nako kuseri kwa nyumba kakuimbabe, patapata mmodzi atatsala pabwalo. Ana a aneba amene anasonkhana kumpanda anayamba kuvina. Amayi busa maso anali pa mkeka, akuthothola kaudzu. Mayi wina wachikulire anangoti, “Satana sagona.” Amayi anga anakoka chitenje ndi dzanja lamanzere lija n'kudziphimba kumaso, ndipo sanachivundukule mpaka alendo onse atatsanzika. Chimene chikundiwawa mpaka pano n'chimenecho. Munthu wodwala, amene sangathe kufotokoza kuti si ine ndinasankha zimenezi, kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake a zaka zambirimbiri chifukwa cha kamnyamata kofuna kutsatsa nambala yake.

Usiku umenewo ndinaika khadiyo mu laputopu n'kuyamba kutsegula foda imodziimodzi. Zimene ndinapeza zikusonyeza kuti mnyamatayu nyimbo sazidziwa, amangodziwa kukopa ndi kumata.

Foda ya Allan Namoko inali yodzaza ndi Alan Walker. Inde, mzungu wa ku Norway uja wa Faded. Analemba Alan pofufuza, chimene chinabwera n'kukokera momwemo. Namoko wa ku Thyolo, wosaona, wa banjo ndi Chimvu River Jazz Band, amene anatisiyira Lameki ndi Ana Osiidwa, kumusinthanitsa ndi nyimbo za pakompyuta. Apa ndinaseka, kuseka kwa mkwiyo.

Foda ya Matafale ndiyo inawapweteka bambo. Matafale anajambula zimbale ziwiri zokha, Kuimba 1 ndi Kuimba 2, n'kumwalira ali m'manja mwa apolisi mu November 2001. Ma Kuimba enawo ndi a Black Missionaries atatsala okha, mawu ndi a Musamude ndi Anjiru Fumulani. Si nyimbo zoipa, ndimavina nawo ndikapita kumaukwati, koma munthu akati akufuna Matafale ndiye kuti akufuna mawu a Matafale, akufuna Watsetsereka ndi Yang'ana Nkhope. M'fodamo za iye mwini zinalimo zochepa kwambiri, zina zonse za Mablacks a pambuyo pake. Kwa Lucius ndiye anangosesa Balaka yense: Paul Banda alimo, Billy Kaunda alimo, Mlaka Maliro alimo, zonse pansi pa dzina limodzi. Mabala, imene ili mu Son of a Poor Man ya 1994, inali yodukiza kumapeto. Cell 51 Maximum munalibe ngakhale nyimbo imodzi. Agide, a Giddes Chalamanda aja, anali ndi nyimbo imodzi yokha, mashup ija anaimba ndi Patience Namadingo mu 2020 imene Linny Hoo yake inadzawanda pa TikTok, ataikopa kangapo ndi mayina osiyanasiyana kuti foda ioneke yodzaza. Buffalo Soldier mulibe, Che Meli mulibe. Jim Reeves ndi Don Williams anali mu foda imodzi yolembedwa kuti Azungu. Foda yokhayo imene inali yolongosoka ndi ya Lucky Dube.

Nditabwerera kushopu ndinamupeza ali chimodzimodzi, ma earphone m'khutu. Ndinamufunsa kuti mawu ake akutani pakati pa nyimbo ya Mulungu. Akuti, “Ija ndi tagi anti, aliyense amaika. Ndi mix ija, ndinakuponyerani ya bonasi.” Za Namoko akuti, “Nyimbo za makedzanazo akumvera ndani? Ndinakuikirani zabho.” Ndinamufunsa ngati akuidziwa Cell 51 Maximum. Anandifunsa ngati ndi filimu. Mwana wa mu Zomba momwe muno! Ndende imene Soldier Lucius Banda anagonamo mu 2006, imene chimbalecho chikunena, ili apa pa msewu wa ku Blantyre, poti munthu ukhoza kuyenda wapansi kuchokera pashopu pakepo. Lucius anamwalira pa 30 June 2024, dziko lonse linalira, mawayilesi anaimba nyimbo zake sabata yathunthu, mnyamatayu ali pompo ndi sipika yake sanatolepo kanthu. Mawu omaliza a mnyamatayo anali akuti ndalama sabweza, ndipo ndikafuna kuti akonze ndiwonjezere K2,000. Apa mawu anga anakwera, amayi ogulitsa nthochi pafupi anayamba kusuzumira.

Phokosolo ndi limene linatulutsa mwini shopu, bambo wa imvi amene anali kuseri akukonza sipika. Sanandidule mawu. Nditamaliza anapempha pepala la bambo lija, limene linali likadali pa tebulo pomwe ndinalisiya, kapu ya tiyi itadindapo chizindikiro. Analiwerenga lonse mpaka m'munsi, n'kufunsa kuti, “Analemba awa ndi aphunzitsi eti, mayi?” Kenako anamuuza mnyamata uja kuti adzuke pampando.

Apa ndiye ndiyenera kunena chilungamo, bambo amenewa ntchito yawo amaidziwa. Akuti anayamba ndi kugulitsa makaseti m'ma 1990, akukapikula kwa O.G. Issa ku Limbe, ndipo zikuoneka. Anatulutsa hard drive yakale yokulunga m'jumbo, n'kuyamba kumanga mafoda mwatsopano, chimbale chilichonse nyimbo zake mu ndondomeko yake ngati mmene zinalili pa kaseti, mbali A kenako mbali B. Sankayang'ananso pepala kawiri. Atafika pa Matafale anachotsa zonse za Mablacks osafunsa. Pa Mtukudzi anandiuza okha kuti Tuku Music ndi ya 1999, muli Todii, koma Neria si ya m'menemo, ngati aphunzitsi akuifuna aiika payokha. Anaiika. Za Namoko zawo anachita kuzichotsa pa kaseti, kaphokoso ka tepi kakumveka pansipansi, koma banjo ikumveka bwino lomwe, ndi mawu aja olira chapammero. Nyimbo iliyonse ya Grace Chinga anaitsegula pakati ndi kumapeto ine ndikumva, kuti nditsimikize kuti mulibe lipenga. Za Ethel Kamwendo Banda ananena poyera kuti ali nazo zochepa, sakufuna kundinamiza. Popepesa anawonjezera Zani Muwone ya malemu Wambali Mkandawire, chimbale chimene bambo sanalembe koma pano ndi chimene akutsegula m'mawa uliwonse, ngakhale Chitumbuka amangotolapo mawu awiri atatu.

Pakhoma pali pepala la COSOMA, bungwe lija lotolerera oyimba ndalama za nyimbo zawo, m'felemu, lachita kufiira ndi fumbi. Ndili chikhalire kudikira ndinkaliyang'ana n'kumadzifunsa kuti pa K5,000 yangayi Agide, amene anabadwa mu 1930 ndipo gitala akhala akuimba moyo wawo wonse, alandirapo zingati. Kale ukagula kaseti unkadziwa kuti chimbale ichi n'cha uje, chithunzi chake chili pachikuto, mayina a nyimbo ali kuseri. Pano zonse zangosanduka mafayilo opanda nkhope, ndiye n'zosadabwitsa kuti mwana woti sanagwirepo kaseti akuona ngati Paul ndi Lucius ndi munthu mmodzi. Komabe zimenezo si chifukwa choikira zolaula mu foda ya nyimbo zauzimu. Kumeneko si kusadziwa, ndi mwano.

Madandaulo akadalipo. K2,000 yowonjezera sanandilipiritse, koma pa K5,000 ija sanabweze ngakhale tambala, pomwe ndinawononga ya kabaza kubwerera komanso theka la tsiku. Mnyamatayo sanapepese, anangotuluka n'kukaima panja ndi anzake, ndipo mwini shopu anangoti ndi mwana wa mlongo wawo, timupirire, akuphunzira. Akuphunzirira pa makasitomala olipira? Mphamvu ya mawu nayo siyofanana: Jim Reeves amamveka chapansi kwambiri, ukakweza kuti umve ndiye Lucky Dube akalowa amayi amadzidzimuka. Mayina a nyimbo zambiri akungooneka Track 01, Track 02, zimene kwa amayi zilibe kanthu koma bambo zimawanyansa.

Ngati mukufuna za achinyamata, za Driemo, Eli Njuchi ndi amapiano, mwina mnyamatayo akuthandizani, ndi dziko lake. Koma ngati mukutengera makolo, kapena ndi zokaimba pamaliro, pachinkhoswe kapena kutchalitchi, funsani kaye ngati akuluwo alipo. Amapezeka m'mawa, masana amapita kokonza masipika m'maholo. Nenani momveka kuti simukufuna mix, simukufuna tagi, ndipo pomvera musalole zoyambirira zokha, auzeni adumphire pakati pa nyimbo. Mu Cease Fire mukusowabe nyimbo ziwiri, bambo anaziona tsiku lomwelo. Mwini shopu akuti kaseti yake ili kwa mnzawo ku Songani, ndikafunsenso kumapeto kwa mwezi.