Esipulikasau ya fizika kwa aphunzitsi a nyenyezi aja pa Ulongwe, mmene ndaionera ine

Anthu akhala akundifunsa kumsika ndi pa WhatsApp kuti kodi aphunzitsi a nyenyezi aja ndi othandizadi kapena ndi kungotaya ndalama, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha, kubwereza nkhani imodzimodzi uku ukuyeza mbatatesi kwanditopetsa. Dzina sinditchula, a pa Ulongwe pano ku Angónia, Mozambique, mukuwadziwa kale. Kwa abale a ku Dedza ndi ku Ntcheu, esipulikasau ndi ija mumati pati taimu ija, ndipo nota kuno imathera pa 20, kuti ukhoze uyenera kufika 10.

Mwana wanga wachisamba, wamkazi, anali kalasi 12 chaka cha 2025 ndipo mayeso oyamba a fizika anabwera ndi nota 6, akulira. Mu Malichi ndinamulembetsa. Mtengo ndi 700 metikali pamwezi, katatu pa sabata madzulo, pakhonde la nyumba yawo, ana sapitirira 8. Amalandira pa M-Pesa, e-Mola kapena pamanja, makwacha amakana ndiye musavutike kuwanyengerera.

Tsiku loyamba ndinawafunsa mosabisa, ndinati aphunzitsi, munthu woti munakafika mpaka ku Cape Town mukufuna chiyani kuno kufumbi? Anaseka nkuti mayi khalani pansi kaye. Iwowa fizika anaphunzira ku Maputo pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, kenako anapeza bolosa, thandizo la ndalama za maphunziro, yokachita kafukufuku wa zakuthambo ku South Africa pogwiritsa ntchito makina otchedwa MeerKAT. Ine ndimaganiza kuti ndi chipaipi chachitali chosuzumiramo, ayi ndithu, ndi madishi 64 ngati a DStv koma lililonse mamita 13 ndi theka, ali m'chipululu cha Karoo kufupi ndi tauni ya Carnarvon, anawatsegulira mu 2018. Madishiwo saona, amamvetsera mafunde a wailesi ochokera ku mpweya wa haidrojeni wa m'milalang'amba yakutali, ndipo mafundewo ndi ofooka kwambiri moti foni sailola kuyandikira pamalopo, ingasokoneze zonse. Anandiuzanso kuti Mozambique ili m'gulu la maiko 8 a mu Africa amene akugwirizana ndi South Africa pa ntchito yaikulu yomanga telesikopu ya madishi ochuluka yotchedwa SKA, ine ndinali ndisanamvepo nkomwe. Chimene chinandiseketsa nchakuti zaka ziwiri zonse kumeneko sanaikepo diso pa telesikopu, ntchito inali kukhala pa kompyuta kulemba mapulogalamu m'chiyankhulo cha kompyuta chotchedwa Python osefa phokoso m'manambala, ngati kupeta mpunga, akuti mankhusu ambiri mpunga pang'ono. Bolosa itatha mayi awo anadwala ndiye anabwerera kumudzi. Pano masana amaphunzitsa ku sekondale, madzulo esipulikasau, usiku amalembera mapulogalamu makampani akunja pa intaneti, ndipo okha amanena kuti chimene chikuwadyetsa kwenikweni ndi Python yemweyo osati choko.

Kaphunzitsidwe kake ndi kumene ndikuwapatsa ulemu. Sabata yachiwiri mwana anabwera kunyumba nkuyamba kufunafuna chingwe, anatenga ulusi wosokera matumba a mbatatesi, kuyeza mita imodzi, kumangirira nati ya njinga kumapeto nkupachika pa msomali wa pachitseko. Mlongo wake wamng'ono anagwira foni kuwerenga nthawi, iye akuwerenga mokweza nati ikamapita nkubwera, kakhumi, inakwana masekondi 20 ndi kapang'ono. Anachotsa nati nkumangirira loko wamkulu wa pagolosale, wolemera bwino, ine ndinati uyu ndiye achedwa. Masekondi 20 omwewo! Anafupikitsa chingwe ndi pamene zinayamba kuthamanga. Kenako analemba masamu ake pa katoni nkupeza 9,7, nambala ya mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi, ndipo anakuwa ngati wawina njinga, akuti m'buku analemba 9,8 ndipo nambala imeneyi wakhala akuiloweza kuyambira kalekale osadziwa kuti ungaipeze wekha ndi ulusi wa matumba. Ine masamuwo sindinawamve koma nkhope ya mwana ndinaiona. China chabwino amafotokoza m'Chichewa kaye mpaka mwana amve, kenako nkubwereza m'Chipwitikizi poti mayeso amabwera m'Chipwitikizi, ana ambiri kuno chimawagwetsa ndi chiyankhulo osati mutu.

Ndiye panali usiku wa kadamsana wa mwezi, Lamulungu pa 7 Seputembala 2025. Anaitana ana ndi makolo omwe kubwalo la mpira, ulere, ine ndinapita ndi amayi anga amene anakakamira kuti sangatsale. Kumwamba kunali kautsi pang'ono poti ndi nyengo yotentha tchire anyamata akusaka mbewa, komabe zinaoneka. Cha m'ma hafu 6 mwezi unayamba kudyeka mbali imodzi, pofika hafu 7 wonse unali wofiira ngati njerwa yootcha, ndipo unakhala choncho mphindi 82. Aphunzitsi anatenga tochi, lalanje ndi ndimu, tochi ndiye dzuwa, lalanje dziko, ndimu mwezi, nkulowetsa ndimu mu mthunzi wa lalanje, basi nkhani yonse ndi imeneyo. Kufiirako akuti mpweya wa dziko lathu umamwaza kuwala kwa buluu nkusiya kofiira kukafika pa mwezi, chimodzimodzi dzuwa likamalowa limafiira. Ali ndi katelesikopu kakang'ono, mwendo umodzi womanga ndi mphira, tinaima pamzere ngati kuchigayo kuona pulaneti Saturn amene anali chapafupi ndi mwezi, mphete zake chaka chimenecho zinatilozetsa m'mphepete ndiye zimangooneka ngati kamzere kobaya kampira.

Agogo ndi amene anaba usiku wonse. Anayamba kuwauza aphunzitsi kuti mwezi ndi wamitala, akazi ake ndi nyenyezi ziwiri, mkazi wa mmawa Chekechani samupatsa chakudya nchifukwa amaonda, wa madzulo Puikani amamudyetsa bwino nkunenepa. Aphunzitsi anatsegula Stellarium pa laputopu, pulogalamu yaulere yoonetsa thambo imene anaiyambitsa Fabien Chéreau wa ku France mu 2001, nkuyendetsa miyezi kutsogolo ndi kumbuyo kuwaonetsa kuti awiriwo ndi chinthu chimodzi, pulaneti Venus, amangosintha mbali. Agogo anayang'anitsitsa nkuti mwanawe, ndiye kuti mkaziyo ndi wochenjera kwambiri. Tinaseka mpaka misozi. Koma aphunzitsi sanawanyoze ayi, anatulutsa kope nkuyamba kulemba maina onse amene agogo amadziwa, Nthanda, Akamwiniatsatana, Nsangwe zimene akuti zikayamba kutuluka kummawa nthawi yamadzulo makasu akhale okonzeka, akuti akufuna kudzapanga kaapu ka pafoni ka nyenyezi m'maina athu. Anawauza agogo kuti kuwala kwa Nsangwe kumayenda zaka zoposa 400 kuti kufike m'maso mwawo, agogo anangoti zimenezo ndiye mwawonjeza.

Tsopano zolakwika, poti ndalama ndimalipira ine. Choyamba nthawi. Bambowa wotchi ali nayo koma kaya ndi yokongoletsa, kalasi yoti ithe hafu 6 imafika 8 koloko chifukwa mwana wina wafunsa za mlalang'amba, ndipo mu Juni ndi kuzizira kwa ku Angónia kuno mwana wamkazi kuyenda usiku sizoona, ndinachita kumatuma mlamu wanga kukamutenga panjinga yamoto, petulo wanga. Ndinawadandaulira, anapepesa bwinobwino, sabata imodzi zinasintha kenako zinabwerera mwakale. Chachiwiri, ntchito zawo za pa intaneti zikawapanikiza amaimitsa kalasi ndi uthenga wa ola limodzi lokha, mu Ogasiti zinachitika kanayi ndipo masiku awiri okha ndi amene anabweza. Magetsi akazima kapena mamega akatha ndiye mutu wawo wonse umakhala kumeneko.

Chachitatu ndiye chachikulu, mapepala a mayeso akale sawakonda. Amati mwana akamvetsa funso lililonse ayankha, mwina nzoona kwa iwo anthu a ku Cape Town, koma mayeso a kalasi 12 ali ndi kafunsidwe kake ndipo nthawi imathamanga. Pofika Okutobala ndinaona kuti mwana wanga akudziwa chifukwa chake mwezi umafiira koma mitu ina ya m'buku sanaikhudze, ndinakafotokopetsa ndekha mapepala a zaka zam'mbuyo nkukawaikira patebulo ndinati aphunzitsi, nyenyezi zidikire kaye, izi ndi zimene zikubwera. Anachita manyazi ndithu ndipo masabata otsalawo anagwira ntchito ngati bulu, mpaka Loweruka osalipiritsa.

Mwana anakhoza ndi nota 13. Si 18 ayi, ndipo mnzake amene amapita kwa aphunzitsi ena oloweza mapepala anapeza 14, ndinene chilungamo. Koma wanga pano amakhala pa kalaputopu kakale kamene anamubwereka akulemba timizere ta Python, anandipangira kapulogalamu kowerengera matumba ndi ngongole za makasitomala, kamalakwitsa nthawi zina koma kope langa la ngongole ndinalisiya.

Ngati mwana wanu watsala mwezi umodzi kuti alembe ndipo mukungofuna 10, musapite kumeneko mudzakhumudwa. Ngati ali kalasi 10 kapena 11 ndipo nthawi ilipo, mpititseni, ndalamayo ndi yochepa pa zimene amatenga. Mugwirizane za nthawi yoweruka tsiku loyamba lomwelo, mapepala akale mugule nokha, ndipo mwana azitenga juzi ndi kampando chifukwa mabenchi ndi awiri okha. Wanga wachiwiri ndamulembetsa kale, agogo nawo akuti akawauze aphunzitsi kuti akumbukira maina ena atatu, abwere ndi kope lija komanso shuga.