Kutumiza kanema m'chipinda china: AV sender, wireless HDMI kapena chingwe?

Kwathu ku Matawale dikoda ili pabalaza, koma bambo anga, amene miyendo inayamba kuwavuta, amagona m'kanyumba kakuseri, mamita ngati 15 kuchoka pakhonde. Ndinkafuna kuti mpira ndi nkhani azionera komweko. Njira zimene nditchule pano, zina ndinaziyesa ndekha, zina ndinaziona kwa anzanga ojambula maukwati. Ndapeza kuti funso lalikulu pogula ndi lakuti chipangizocho chikhala bwanji ndi rauta ya Wi-Fi imene ili kale m'nyumba.

Ndinayamba ndi AV sender ya 2.4 GHz chifukwa ndiyo inali yotchipa. Ndi timabokosi tiwiri ta tinyanga, kena kamalumikizidwa kudikoda ndi nthambo zitatu zija, yachikasu, yofiira ndi yoyera, kachiwiriko ku TV. Madzulo oyamba chithunzi chinafika ndithu, koma mizere yoyera inkangodutsa chopingasa, mawu n'kumathetheka. Bambo anandiitana: "Mwanawe, tabwera udzaone, mu TV-mu mukugwa mvula." Ndisanafike n'komwe, mlongo wanga, amene amaphunzira ku Chanco, anatulukira ndi laputopu m'manja. "Achimwene, mwatani intaneti? Bandulo ilipo koma tsamba silikutseguka." Nditazimitsa kabokosiko, intaneti inabwerera pompo.

Chimene chimachitika n'chakuti rauta ndi AV sender zimalimbirana kanjira kamodzi ka mafunde, kuyambira pa 2400 mpaka cha pa 2483 MHz. Rauta ili ndi ulemu: isanalankhule imayamba yamvetsera, ikamva kuti wina akulankhula imadikira. AV sender ya analogi ilibe khutu. Ikangoyatsidwa imafuula osapuma, kaya wina akuonera kaya ayi. Ndiye rauta imangodikira, kapena uthenga wake umaonongeka panjira n'kumautumizanso kambirimbiri. Ikapeza mpata n'kulankhula, mawu akewo ndi amene amasanduka mizere ija pa TV.

Kuzigwirizanitsa n'kotheka, ngakhale si kwenikweni. Matchanelo a Wi-Fi pa 2.4 GHz amatalikirana ndi 5 MHz okha pomwe iliyonse imadya malo okwana 20 MHz, n'chifukwa chake osalowerana ndi atatu basi: 1, 6 ndi 11. Ma AV sender ambiri ali ndi matchanelo anayi, yoyamba cha pa 2414 MHz, yomaliza cha pa 2468 MHz. Ndinalowa m'masetingi a rauta, n'kuchotsa pa auto kuika pa tchanelo 1, kabokosi kaja n'kukaika pa 4. Mlongo wanga anapuma. Koma mizere sinathe, chifukwa rauta ya aneba inali pa tchanelo 11, pa 2462 MHz, khomo ndi khomo ndi tchanelo 4 yanga. Ndinaziona ndi pulogalamu ya WiFi Analyzer pafoni. Ndipo apa mtima unandipweteka, poti ndinadziwa kuti vuto lomwe ndachotsa m'nyumba mwanga ndangolikankhira kwa iwo. Kumene nyumba zili mothithikana ngati ku Chikanda, komwe ana asukulu ambiri amadalira MiFi ndi hotspot, kabokosi kamodzi kotereka kakhoza kusowetsa mtendere anthu a mzere wonse, iwo osadziwa chimene chikuwavuta. Ine sindingamulangize munthu kugula ya 2.4 GHz.

AV sender ya 5.8 GHz ndiyabwinoko kwambiri. Imachoka pakanjira kopanikizana kaja, komwe mumadutsanso Bluetooth ndi uvuni wa microwave. Ngati rauta yanu ndi ya 2.4 GHz yokha, sizikumana n'komwe. Ngati ndi ya dual band, yokhala ndi 2.4 GHz komanso 5 GHz, ikani mbali ya 5 GHz pa matchanelo apansi, 36 mpaka 48, musiye 149 mpaka 165 chifukwa amenewo ndi amene amagundana ndi 5.8 GHz. Kufooka kwake kuli pa khoma. Mafunde akakhala okwera salowa bwino m'njerwa zootcha, ndipo malata amawabweza. Khoma limodzi imadutsa, koma kwathu pali makoma atatu ndi thanki ya madzi pakati, moti chithunzi chinkafika chofiira ngati cha fumbi. Dziwaninso kuti ma AV sender onse awiriwa ndi a analogi, HD musaiyembekezere.

Wireless HDMI ya digito, monga Hollyland Mars ndi Accsoon CineView zimene ojambula amamangirira pakamera, ndi dziko lina. Chithunzi n'choyera, cha 1080p, ndipo zambiri zimadzisankhira tchanelo chopanda phokoso kapena kukulolani kusankha nokha. Zikasokonezedwa sizionetsa mizere, chithunzi chimangoima kapena kusweka timabokositimabokosi. Kwa wojambula ukwati kapena mapemphero, amene akuyendayenda ndi kamera m'holo pomwe pulojekita ili kutsogolo, palibe chinanso choposa ichi. Chofunika n'kuyesa anthu atadzaza, osati m'mawa holo ili pululu, poti matupi a anthu nawonso amatchinga mafunde, ndipo risiva, kabokosi kolandira chithunzi, iikidwe pamwamba pa mitu yawo. Koma kuigulira TV ya kuchipinda, mtengo wake ndi wopweteka. Zilipo za 60 GHz zimene sizilimbana ndi rauta wamba ngakhale pang'ono, koma sizidutsa khoma, ndi za m'chipinda chimodzi.

Kwatsala chingwe, chimene ambiri timachinyoza poti sichioneka chamakono. HDMI wamba ikapitirira mamita 10 kapena 15 imayamba kuvuta, koma pali HDMI extender, timabokosi tiwiri tolumikizidwa ndi chingwe cha netiweki cha Cat6, ndipo zambiri zimafika mamita 50. Chithunzi ndi HD, sichichedwa, sichisamala kuti aneba agula rauta yanji. Mavuto ake ndi ooneka ndi maso: kubowola khoma, chimene alandilodi ena sangalole, komanso mvula ya ku Zomba kuno ndi ziphaliwali zake. Chingwe chodutsa panja musachilendeweretse m'mwamba, chilowetseni mupaipi ya PVC n'kukwirira, ndipo kukayamba kugunda kuphiri zulani mbali zonse ziwiri. Pofuna kusintha tchanelo muli kuchipinda, sankhani extender yokhala ndi IR, kuti rimoti izigwira.

Ine ndinasankha chingwechi. Tinakumba kangalande Loweruka lina ndi mphwanga, mamita 20 a Cat6 mupaipi, kubowola kamodzi pansi pa windo. Rauta ndinaiika pa tchanelo 6, pomwe panalibe wina aliyense. Bambo tsopano amaonera mpira ali pampando wawo, rimoti ili pamwendo, mlongo wanga akutsitsa manotsi pabalaza, ndipo ka AV sender ka 2.4 GHz kaja ndinakatsekera m'katoni, sindinakagulitse kwa munthu.