Miyezi 9 ndi PlayStation 2 yakale m'nyumba mwathu ku Ulongwe

Ndinaigula mu Julaye, nditatsika ndi matumba a kachewere ku mzinda wa Tete. Ndalama ili m'thumba, ndinaima pa benchi ya mnyamata wina wogulitsa zamagetsi zakale, ndipo ndinakwera chapa yobwerera ku Ulongwe nditafungatira katoni. Munali PlayStation 2 yopyapyala ija (makina osewerera magemu pa TV), makomando awiri (zogwirira zija ena amati mapadi), kamemori kadi ka 8 MB ndi madisiki asanu. Alamu anga ataiona anapukusa mutu. Anati ndataya ndalama pa chinthu chokalamba, sichifika Khirisimasi, bola ndikanagulira ana foni. Lero tili mu Epulo, ndipo ndikufuna ndinene mmene yatikhalira, zokoma ndi zowawa zomwe.

Kukalamba ndiye ndi yokalambadi. Sony inatulutsa PlayStation 2 ku Japan mu Marichi 2000, mtundu wopyapyalawu unabwera mu 2004, ndipo anasiya kuwapanga kumayambiriro kwa 2013 atagulitsa oposa 160 miliyoni. Kuchuluka kumeneku ndi kumene kumatithandiza ife ogula zakale, chifukwa zingwe, makomando ngakhale amisiri oidziwa mkati sasowa.

Choyamba kufa chinali komando. Onse awiri sanali enieni, anali ongotengera, opepuka ngati chikho chouma. Mu Seputembala kandodo ka kumanzere ka imodzi kanayamba kudziyendera kokha, wosewera mpira n'kumathamangira kunja kwa bwalo munthu usanamukhudze. Inayo chingwe chinaduka m'kati pafupi ndi polowera, chifukwa ana amakoka akapsa mtima. Ndinagula ina yeniyeni, yakale koma yolemera m'manja, ndipo mpaka lero ili bwinobwino.

Chimene chinandiopsa ndi fumbi la mu Okutobala. Mtundu wopyapyalawu umatsekulidwa pamwamba ngati chivundikiro cha poto, ndiye kadiso kowerengera disiki kamakhala poyera. Tsiku lina disiki inangozungulira, kulira kwa krrr, pa TV osaoneka kanthu. Ndinapita nayo kwa mmisiri wokonza mawailesi kumsika. Anatenga kathonje, kunyowetsa pang'ono ndi sipiriti, kupukuta kadisoko mofatsa ngati akuchotsa chitsotso m'diso la mwana, basi inadzuka. Kuyambira pamenepo amayi a kunyumba anaisokera kansalu kophimba, ndipo sitiiikanso pansi. M'dzinja vuto linali mphenzi ndi kuthima kwa magetsi. Mitambo ikangoda cha ku Domwe, timazula pa khoma. Magetsi akathima musanasunge gemu pa memori kadi, zonse za tsikulo zapita. Pa madisiki asanu aja, awiri anakalika moti sawerengekanso.

Nanga n'chifukwa chiyani sindikudandaula? Bwerani kwathu Loweruka madzulo, ana atamaliza ntchito zawo. Pamphasa pamakhala anyamata ndi atsikana mwina khumi, makomando awiri okha, wogonja amapatsira mnzake. Amasewera kwambiri Pro Evolution Soccer 6, gemu ya mpira ya mu 2006. Chisamba wanga anatulukira kuti muli malo osinthira mayina ndi mitundu ya yunifomu. Anatha masabata awiri akulemba chilembo chimodzichimodzi ndi komando, mpaka anapanga timu ya dziko lathu ya Mambas muli Reinildo, Geny Catamo ndi Dominguez, kenako anapanganso UD Songo. Atamaliza anandiitana, "Ababa, tabwerani muone, timu yathu yalowa mu TV." Matimu amenewo ali pa kamemori kadi kaja, ndipo kamasungidwa m'chitini pamodzi ndi makadi a kuchipatala.

Agogo awo aamuna, amene moyo wawo wonse ndi bawo pansi pa mtengo wa mango, anakhala tsiku lina kuonerera. Sanagwire komando. Anangoti, "Koma izi n'zimodzimodzi, awiri akusewera, khumi akulangiza." Ananena zoona, ndipo magemu a pa kanema anayambira pomwepo. Pong, imene Atari inatulutsa mu 1972, inali timizere tiwiri ndi kadontho kodumphadumpha, anthu awiri ataima phewa ndi phewa. Ife a msinkhu wanga tinakumana nawo mochedwa, kudzera m'timakina totengera Famicom ya Nintendo ya mu 1983, ta makatiriji achikasu tija, tikudumphitsa Mario pa TV ya aneba. Kenako kunabwera Snake pa Nokia 3310, foni imodzi kuzungulira m'manja mwa anthu asanu. Nthawi zonsezo gemu inali chinthu cholandirana.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi alamu anga. Mwana wawo ali ndi foni, amasewera Free Fire, gemu ya kampani ya Garena ya ku Singapore imene inatuluka mu 2017. Kuitenga ndi kwaulere, zithunzi zake n'zokongola kuposa zathu, ndipo amapikisana ndi anthu a ku Beira ndi Maputo ali pakhonde. Zimenezo sindizinyoza. Koma amasewera yekha, zomvera zili m'makutu, ndipo mamega akatha gemu yatha. Sabata iliyonse amapempha ya mamega. Ine chigulireni, kupatula komando ija ndi kangachepe ka mmisiri, ndimangolipira magetsi.

Ndikaona kumene makampani akulowera, mtima umandiwawa pang'ono. Kampani ya Konami inasintha Pro Evolution Soccer mu 2021 kukhala eFootball, yotenga pa intaneti. PlayStation 5 inatuluka mu 2020 ili ndi mtundu wina wopanda polowetsa disiki n'komwe, pomwe magemu ena atsopano amaposa 100 GB. Ndani kuno angakoke zimenezo ndi mamega a pa foni? Ena akufuna kuti gemu izikhala pa makompyuta awo kutali, iwe uzingolandira zithunzi. Google inayesa zimenezi ndi Stadia mu 2019, n'kuitseka mu Januwale 2023. Ogula anawabwezera ndalama, koma magemuwo sanatsale m'manja mwawo. Disiki yanga ya mu 2006 palibe amene angaitseke ali ku America. Ndikhoza kubwereketsa, kusinthanitsa, kapena kugulitsa ndikasowa ya feteleza.

Chimene ndikulakalaka m'tsogolomu si zithunzi zowala kwambiri ayi. Ndikufuna magemu oti mwana wanga asamavutike kulembamo dzina la kwawo ndi manja. Ku Cameroon anyamata a Kiro'o Games anatulutsa Aurion mu 2016, gemu yozikidwa pa nthano ndi zikhalidwe za mu Africa. Ngati iwo anatha, bwanji pasadzapezeke wa ku Angónia kapena Tsangano wopanga ya Kalulu ndi Fisi, yolankhula Chichewa, yoti n'kusewera pa foni yotchipa popanda intaneti?

Amene mukufuna kugula yakale ngati yangayi, musachoke pa benchi musanaiyese. Iyatseni, ikanimo madisiki awiri kapena atatu osiyana, ndipo isiyeni iyende kwa kanthawi kuti mumve ngati ikutentha kapena kulira modabwitsa. Komando muinyamule m'manja, yopepuka kwambiri muikane. Funsaninso chingwe cha mitu itatu chija, yachikasu, yoyera ndi yofiira, ndipo muonetsetse kuti TV yanu ili ndi polowetsa pake, poti zina zatsopano zilibe.

Kachewere wa chaka chino akatuluka ndikagula memori kadi yachiwiri, chifukwa yoyambayo yadzaza. Mzime wanga, mtsikana wa zaka 8, wayamba kale kulemba m'kope mayina a anzake a m'kalasi amene akufuna kuwaika mu timu yake, ndipo golo wasankha kugwira yekha.