Chingwe chabuluu cha pa Lizulu: pa ngolo n'chabwino, pogwetsa ng'ombe ayi

Chilimwe chikafika kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza, ntchito ya ng'ombe imachuluka. Alimi amafula nkhunzi, amaphunzitsa mifule goli, amakonza ziboda mvula isanagwe. Ntchito zonsezi zimafuna chingwe, ndipo chimene ambiri amagula pa Lizulu, pa Tsangano ndi m'mashopu a pa boma ndi chabuluu chija cha pulasitiki, chimene anthu amangochitcha nayiloni.

Ubwino wake sitingaukane. Sichiwola chikanyowa, n'chopepuka, ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Pomangira matumba a mbatata ya kachewere pa ngolo, cha mamilimita 10 kapena 12 chimagwira ntchito bwino. Kungoti dzuwa limachidya. Mukaona chayamba kutuwa ndi kutulutsa ufa mukachipotokola, dziwani kuti chatha, ngakhale chikuoneka chathunthu.

Vuto limayamba chikapita pathupi la ng'ombe. N'choterera, motero mfundo imamasuka yokha kapena imathina kwambiri mpaka kufuna mpeni. Ng'ombe ikadzuka mwadzidzidzi chingwe n'kuthamanga m'manja, chimawotcha ngati moto n'kusenda khungu. Zomwezo zimachitika patsinde la nyanga: pamatsala bala lozungulira limene ntchentche zimakonda. Chowonda cha mamilimita 6 kapena 8 ndiye chimacheka ngati waya, musachiyandikize n'komwe kukhola.

Anyamata ambiri aona pa Facebook mavidiyo a rodeo, mpikisano wokwera mahatchi ndi kukola ng'ombe, monga a Cheyenne Frontier Days ku Wyoming m'dziko la America, mwambo wa mu Julayi umene unayamba mu 1897, ndipo amafuna kukola ng'ombe poponya chingwe. Chingwe cha kumeneko n'chouma gwa, chopangidwira kuponya, ndipo woponyayo ali pa hatchi, chingwe n'kukulungidwa pachishalo. Imene imaimitsa ng'ombe ndi hatchi. Chabuluuchi n'chofewa, khwekhwe lake limafota lisanafike pamutu, ndipo chikakola khosi, mnyamata woima ndi miyendo iwiri pamtsetse wamiyala amakokedwa chafufumimba, ng'ombe nayo ikubanika.

Pogwetsa ng'ombe ife timasankha cha khonje, chonenepa mamilimita 14 mpaka 16, chotalika mamita 10 mpaka 12. Chimagwira mfundo ndipo sichiterera m'manja. Ng'ombeyo isadye kuyambira madzulo a dzulo lake. Sankhani malo athyathyathya, chotsani miyala ndi zitsa, yalani udzu wouma. Munthu mmodzi agwire mutu ndi chingwe china chachifupi. Chachitalicho mumange patsinde la nyanga ndi mfundo yosathina, muchiyendetse pamsana kudutsa linunda, muchizungulize pachifuwa kumbuyo kwa miyendo yakutsogolo n'kuchipisa pansi pa chinzake. Muchizungulizenso kachiwiri pamimba, kutsogolo kwa mafupa a m'chiuno. Anthu awiri aime kumbuyo n'kukoka pang'onopang'ono osalekeza. Ng'ombe imapinda miyendo yokha n'kugona, palibe chifukwa choikwapula kapena kuipotokola mchira.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Chizunguliro chachiwiri chija chikatsetsereka, chimapana bere la ng'ombe yaikazi kapena chida cha nkhunzi, ndipo chabuluu chimatsetsereka kawirikawiri kuposa khonje. Chionetsetseni musanakoke. Ng'ombe igonere kumanja, chifukwa chifu chake chachikulu chili kumanzere. Ikachigonera, mpweya umalephera kutuluka, mimba imatupa ngati ng'oma ndipo imatha kufera pomwepo. Isapitirire mphindi 20 ili chigonere. Mwendo wakutsogolo umene uli pansi muukokere kutsogolo, apo ayi mtsempha wa paphewa umafinyika ndipo ng'ombe imadzuka ikukoka mwendo. Yabere yoyandikira kuswa musaigwetse ndi njira imeneyi, itanani alangizi a ziweto.

Khonje nalonso lili ndi vuto lake. Likanyowa ndi mame a ku Bembeke n'kuponyedwa pakona ya khola, limawola mkati osaonekera kunja, n'kudzaduka tsiku limene mwagwira nkhunzi yolusa. Muliumitse pamthunzi, mulipachike m'mwamba kutali ndi makoswe. Latsopano limakhala ndi timinga tobaya, ndiye mulikhuze kangapo pamtengo wosalala lisanakhudze ng'ombe.

Pogula, potokolani chingwe mobweza kuti muone mkati. Ulusi ukhale woyera, wosanunkha nkhungu. Muyezetse mamitawo pamaso panu, chifukwa muyeso wa mkono wa wogulitsa umaperewera. Ngati pamsika pali chabuluu chokha, tengani chonenepa koposa, muwauleko nsonga zake pamoto kuti zisamasuke, ndipo patsinde la nyanga muyambe mwakulungapo chiguduli.