Atachimenti ya zachilengedwe ku Ntcheu, mmene ndinaionera

Anzanga a ku Bunda amene mukusaka malo a atachimenti, ya bungwe lina ku Ntcheu ija ndi yabwino ndithu bola musapite ndi nsapato za mu ofesi. Ntchito yake ndi ya kumunda basi, kuthira dothi m'machubu ku nazale, kufesa msangu, kukonza akalozera ndi kudzala vetiva m'malo otsetsereka kuti madzi asamakokolole nthaka, kenako masana kukakhala pa banki mkhonde ndi azimayi oti masamu a masheya amatiposa ife a digirife. Chinandisangalatsa kwambiri ndi chitetezo mbaula, yadongo ija, nkhuni zochepa nsima yapsa, ndiye ukamakamba zosamala mitengo anthu amaona okha phindu lake.

Zobowa nazo zilipo. Alawansi imachedwa mpaka kuyamba kukongola pa okala, njinga yamoto imodzi gulu lonse, supavaiza naye kuoneka mwa apo ndi apo. Nthawinso sinagwirizane, nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo ife tinali titabwerera kale m'kalasi, mbande tinazisiya zili mu nazale. Tengani gambutsi, neti ndi pawabanki, ndipo musaitanitse msonkhano musanakaonekere kwa amfumu, sikubwera munthu.