Sikirini yakuda ndi mawu akuti "Out of Range": mmene shopu ina ya m'tauni ya Johannesburg inatithandizira

Kwa masabata atatu, kompyuta imene ndinagulira mng'ono wanga, yemwe ndimakhala naye ku Rosettenville, inkachita chinthu chimodzimodzi madzulo aliwonse. Ikayaka, Windows inkaoneka bwinobwino, intaneti inkatseguka, ndipo ntchito za ku koleji ankalembapo popanda chovuta. Koma akangotsegula gemu ya GTA V, sikirini inkada bii, kenako pakati pake pankabwera kabokosi kolembedwa kuti "Out of Range". Chimene chinkatiimitsa mutu n'chakuti nyimbo za gemuyo zinkamvekabe m'masipika, kusonyeza kuti kompyutayo sinazime, koma chithunzi chokha ndicho chinkasowa.

Kompyutayo ndinaigula yogwirapo kale ntchito, ili ndi graphics card (khadi lopanga chithunzi chopita ku sikirini) ya GTX 1050 Ti, ndipo monita yake inali yakale, ya mainchesi 18.5, yokhala ndi polowera pamodzi pokha, pa nthambo ya VGA ya mitu yabuluu ija. Shopu yoyamba imene ndinapitako anangomva nkhaniyo, osayatsa n'komwe kompyutayo, nandiuza kuti graphics card yapsa ndipo ndigule ina. Mnzanga wina wa ku tchalitchi ndiye anandilozera kashopu kena kokonza makompyuta ndi mafoni, kamene kali m'nyumba ya mashopu ang'onoang'ono kufupi ndi Small Street, mtunda woyenda pansi kuchokera ku Park Station, komwe mwini wake ndi Mmalawi mnzathu. Anandichenjezanso kuti ndinyamule zonse, monita ndi nthambo zomwe, osati bokosi la kompyuta lokha. Kukwera takisi utakumbatira monita pamiyendo si chinthu chokoma, koma ndikanaisiya kunyumba vutolo silikanapezeka, chifukwa pa monita ya m'shopumo gemuyo inayaka popanda kudodoma.

Chimene chinandikhazika mtima pansi ndi dongosolo limene mkulu mwini shopuyo anatsata. Sanathamangire kutsegula bokosi la kompyuta. Analumikiza zonse monga mmene zimakhalira kunyumba, natsegula gemuyo, ndipo sikirini itada anangodina Alt ndi Enter pamodzi; nthawi yomweyo chithunzi chinabwera m'kawindo kakang'ono. Kenako anachotsa monita yathu n'kuikapo yake pogwiritsa ntchito nthambo ya HDMI yokha, ndipo gemuyo inadzaza sikirini yonse. Atatero anatembenukira kwa ine nati, "Achimwene, khadi lanuli lilibe mlandu. Tiyeni tione kanthu aka kali kumbuyoku."

Kanthuko kanali kaadaputa kakang'ono kosintha HDMI kukhala VGA, kamene wogulitsa kompyuta uja anandipatsa monga basela. Mkuluyo anafotokoza kuti GTX 1050 Ti, imene inatuluka mu 2016, ilibe potulukira pa VGA, ndipo ngakhale potulukira pake pa DVI ndi pa mtundu wa DVI-D, pamene sipatulutsa chithunzi cha analogi chomwe VGA imafuna. Choncho monita yakale singalumikizidwe popanda kachipangizo kotembenuza chithunzicho. Vuto limayambira apa: monita iliyonse imasunga m'kati mwake uthenga wotchedwa EDID, umene umauza kompyuta dzina la monitayo, kuchuluka kwa timadontho timene ingaonetse, ndi kangati pa sekondi ingathe kusintha chithunzi. Maadaputa ena otchipa sadutsitsa uthenga umenewu, m'malo mwake amapereka wawowawo. Monita yathu malire ake ndi 1366 x 768 pa 60Hz, koma adaputayo inkauza kompyuta kuti kutsogoloku kuli sikirini yokhoza 1920 x 1080. Windows inkaoneka bwino chifukwa wogulitsa uja anali ataitchera yekha pa 1366 x 768, pamene gemuyo ikafuna kudzaza sikirini yonse inkasankha muyezo waukulu umene inauzidwa kuti ulipo, ndipo monita inkaukana. Mawu akuti "Out of Range" ndi monitayo ikunena kuti chithunzi chafika, koma chapitirira mphamvu zake. Mamonita ena amalemba "Input Not Supported" pa vuto lomweli.

Sanangonena pakamwa, anandionetsa ndi maso. Anatsegula Advanced display settings mu Windows, ndipo pamndandanda wa miyezo panali 1920 x 1080, muyezo umene monita yathu ilibe. Ine ndimagwira ntchito yopenta nyumba, za makompyuta ndimangodziwa pang'ono, koma mmene anafotokozera ndinamva zonse, ndipo sanandiyankhule ngati mwana.

Kukonza kwake kunali kwa mphindi zochepa. Anatsegula foda ya Documents, kenako Rockstar Games, kenako GTA V, momwe muli fayilo ya settings.xml, ndipo pogwiritsa ntchito Notepad anasintha ScreenWidth kukhala 1366, ScreenHeight kukhala 768 ndi RefreshRate kukhala 60. Gemuyo inayaka ndithu pa monita yathu yomwe ija. Anaphunzitsanso mng'ono wanga kuti magemu ambiri amasunga zoterezi m'fayilo ya mu Documents, ndipo kuti pa Steam, pulogalamu yogulirapo ndi kutsegulira magemu, magemu ena a kampani ya Valve amalola kulemba -windowed -w 1366 -h 768 pa Launch Options kuti ayambe m'kawindo ka muyezo woyenera. Anawonjezera kuti sikirini ikada mwadzidzidzi pakati pa gemu, ayambe wadina Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi, zimene zimadzutsanso driver ya zithunzi, pulogalamu yoyendetsa graphics card, asanathamangire kuzimitsa kompyuta pa batani.

Pambuyo pake anandipatsa zosankha ziwiri, ndipo apa ndi pamene ndinaona kuti munthuyu safuna kudyera anzake masuku pamutu. Ananena kuti tikhoza kupitiriza ndi adaputa yomweyo, koma gemu iliyonse yatsopano idzafuna kutcheredwa pamanja, kapena tigule adaputa ina imene imadutsitsa EDID ya monita. Anali ndi mamonita a HDMI ogulitsa pashelefu, koma sanandikakamize ngakhale pang'ono. Anangoti tsiku limene ndalama zidzapezeke, monita ya HDMI kapena DisplayPort idzathetsa nkhani ya maadaputa kotheratu. Ndinasankha adaputa yatsopano, ndipo anaiyesa pamaso panga: dzina lenileni la monita yathu linaoneka mu Windows, ndipo muyezo wabodza uja unachoka pamndandanda. Ntchito ndi adaputa pamodzi ndinalipira R350, ndalama yosafika n'komwe pafupi ndi mtengo wa graphics card imene ena ankafuna ndigule.

Zolakwika ziliponso, ndipo ndizinena chifukwa ndikufuna shopuyi ikule. Malowo ndi opanikizika kwambiri, mpando wa makasitomala ndi umodzi, ndipo popeza linali Loweruka la kumapeto kwa mwezi, tinaimirira pafupifupi maola awiri kudikira kuti amalize mafoni a anthu amene anatitsogolera. Mitengo sinalembedwe paliponse, kotero munthu sadziwa chimene alipire mpaka atafunsa, ndipo risiti anandilembera nditachita kuipempha. Chimene chinandidetsa nkhawa koposa ndi mnyamata wothandizira, yemwe mkuluyo asanamasuke anali atayamba kale kunena zofufuta zonse ndi kuikamo Windows yatsopano. Zikanatero, ntchito za ku koleji za mng'ono wanga zikanapita, ndipo vutolo likanakhalapobe, popeza silinali mu Windows. Aliyense wopita kumeneko asunge kaye mafayilo ake pa fulashi, ndipo adikire mwini wakeyo ngati vuto lake ndi la chithunzi.

Patatha masiku khumi sikirini inadanso, koma ulendo uno inalemba "No Signal" kuyambira poyatsa pomwe. Ndinaimba foni mtima uli m'mwamba, poganiza kuti adaputa yatsopano ija yafa. Mkuluyo anafunsa funso limodzi lokha: kodi pali amene anasuntha kompyutayo? Zoonadi, mlamu wanga anali atazula nthambo zonse pokolopa m'chipindamo, ndipo pobwezera analowetsa adaputa pa HDMI ya pamwamba, ya motherboard (bolodi lalikulu la kompyuta), m'malo mwa ya pansi, ya graphics card. Anandiuza kuti "No Signal" ndi "Out of Range" ndi matenda awiri osiyana: koyambako monita sikulandira kanthu, ndiye muyang'ane nthambo ndi polowera pake, kwachiwiriko ikulandira chithunzi chimene singathe kuonetsa, ndiye muyang'ane muyezo. Ndinasamutsa nthamboyo foni ili kukhutu, chithunzi n'kubwera, ndipo pa thandizo limeneli sanandilipiritse kanthu.

Tsopano papita miyezi iwiri, ndipo mng'ono wanga waikamo magemu ena awiri, limodzi la mpira, onse akuyaka pa 1366 x 768 popanda kukhudza fayilo iliyonse. Amene sikirini yake ikuda potsegula gemu koma mawu akumveka, ndingamulimbikitse kupita ku shopu imeneyi m'kati mwa sabata, m'mawa anthu asanachuluke, atanyamula monita, nthambo ndi adaputa yake yomwe, ndipo afunse mtengo ntchito isanayambe.